Rauta yapadera ya VPN: ndigule yotani?

Funso: Kunyumba tili kale ndi rauta imene kampani ya intaneti inatiikira, koma ndikufuna ina yoti TV ndi kompyuta yanga zizidutsira pa VPN (njira yobisira ndi kutetezera zimene munthu akuchita pa intaneti). Ndiyang'ane chiyani pogula? Wowerenga, Lilongwe.

Yankho: Choyamba, onetsetsani kuti rautayo imagwira ntchito ngati VPN client (kutanthauza kuti imatha kulumikizana ndi kampani yopereka VPN), chifukwa zimandimvetsa chisoni kuona munthu atawononga ndalama pa rauta yokhala ndi VPN server yokha (yongomuthandiza kulumikizana ndi netiweki ya kunyumba kwake ali kutali), n'kudzazindikira atafika kale kunyumba kuti singalumikizane ndi kampani imene amalipirako VPN. Funsaninso ngati imalandira WireGuard, njira yopepuka yolumikizira VPN, pakuti njira ina yotchedwa OpenVPN imalemetsa kwambiri purosesa ya rauta yotsika mtengo, mpaka kanema n'kumangoimaima ngakhale intaneti yanu ili yothamanga. Marauta ambiri a GL.iNet ndi ena a Asus ali nazo zonsezi.

Rauta yakaleyo musaichotse. Lowetsani waya kuchokera pa bowo lake lolembedwa LAN kupita pa bowo lolembedwa WAN la yatsopanoyo, ndipo manambala a adiresi (IP address) a marauta awiriwa azisiyana: ngati yakale ili pa 192.168.1.1, yatsopano ikhale pa 192.168.8.1. Mukatero yatsani kill switch (chodulira intaneti) pa rauta yatsopanoyo, kuti VPN ikaduka zipangizo zanu zisapitirize kulowa pa intaneti zosatetezedwa.