Musawonjezere klorini musanayezetse kopa m'madzimo

Achimwene, mwanena kuti dziwe losambiramo la kunyumba kumene mumagwira ntchito ku Randburg, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, lasanduka lobiriwira mutathira klorini wambiri, koma madziwo ndi oyera moti pansi pakuoneka, ndiponso tsitsi la mwana wa abwana anu layamba kubiriwira. Ine ndikuona kuti vutoli si ndere ayi, chifukwa ndere zimadetsa madzi ndipo makoma amaterera mukawakhudza. Madzi obiriwira koma oonekera mpaka pansi, makamaka akasintha mtundu klorini atangothiridwa, kawirikawiri amasonyeza kuti muli kopa, chitsulo chimene kwathu timati mkuwa.

Choncho musathirenso klorini wa m'sitolo wotchedwa HTH kapena klorini wina aliyense wochuluka pakali pano, popeza ndi iyeyo amene amachititsa kopa kumatirira pa makoma a marbelite (pulasitala wa mkati mwa dziwe), n'kusiya madontho obiriwira kapena akuda ovuta kuchotsa. Tengani botolo loyera, tungani madzi mozama kufika m'chigongono, kutali ndi pamene madzi amatulukira kuchokera ku pampu, ndipo mukapite nalo ku sitolo ya zipangizo za madziwe. Kumeneko munene mwachindunji kuti akuyezereni kopa, chifukwa timapepala tambiri toyezera pakhomo timangoonetsa klorini ndi pH, muyezo wosonyeza kuchuluka kwa asidi m'madzi. Ngati dziwelo limadzazidwa ndi madzi a pa mjigo, tengani botolo lachiwiri la madzi amenewo, pakuti kopayo akhoza kukhala akuchokera kumeneko. Kopa akapitirira 0.2 ppm (ppm ndi magawo pa miliyoni iliyonse ya madzi), madontho amayamba kuoneka.

Chimene ndikufuna muchiganizire kwambiri ndi gwero lake. Werengani botolo la mankhwala ophera ndere amene mwakhala mukugwiritsa ntchito, chifukwa ambiri otsika mtengo amapangidwa ndi kopa, ndipo munthu akamathira sabata ndi sabata amadziunjikira yekha vutoli osadziwa. Funsaninso ngati pali hita yotenthetsera madzi yokhala ndi mapaipi a kopa mkati. Madzi akakhala ndi asidi wambiri amadya mapaipiwo pang'onopang'ono, ndipo izi zimachitika msanga kwa amene amaponya mapiritsi a klorini m'kabasiketi kogwira zinyalala ka pakhoma la dziwe, popeza mapiritsiwo ali ndi asidi wamphamvu ndipo madzi ake amapita molunjika ku hita. Mvula yamabingu ya kuno, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, nayonso imasokoneza madzi, ndiye yezani ikangogwa.

Pokonza, yambani ndi kubweza pH pakati pa 7.2 ndi 7.6, ndi alkalinity, muyezo wa mphamvu ya madzi yoletsa pH kusinthasintha, pakati pa 80 ndi 120 ppm. Kenako thirani mankhwala ogwira zitsulo, amene m'sitolo amawatcha metal remover, motsatira muyezo wolembedwa pa botolo, ndipo pampu iyende usana ndi usiku kwa masiku awiri, klorini akhale wochepa, cha pa 1 ppm. Koma muwauze abwana anu moona kuti mankhwalawa sachotsa kopa. Amangomugwira kuti asamatirire, ndipo amatha mphamvu pakapita nthawi. Kopa amachepa ndithu mukataya gawo la madzi n'kudzaza ena opanda chitsulocho. Musataye onse nthawi imodzi, chifukwa dziwe lopanda madzi likhoza kung'aluka, ndipo musanadzaze fufuzani malamulo a bungwe la madzi la Johannesburg Water a nyengo ino okhudza kagwiritsidwe ntchito ka madzi.

Ana aleke kaye kusambira kufikira zotsatira za kuyezako zitabwera, ndipo mudzatilembere manambalawo kuti tikuthandizeni kuwerengera muyezo wa mankhwala molingana ndi kukula kwa dziwelo.