Holide ya Ogasiti: ana mungapite nawo kuti kuno kum'mawa?

Mayi wina wa ku Kapata mu Chipata watitumizira imelo. Ali ndi ana atatu, wa zaka 5, wa 9 ndi wa 13, ndipo akuti holide iliyonse imathera pa TV ndi pa foni. Akufunsa kumene angapite nawo osawononga ndalama zambiri, komanso ngati angathe kukaona nyama ku Mfuwe n'kubwerako tsiku lomwelo.

Amayi, za ku Mfuwe n'kubwerako tsiku lomwelo n'zotheka, koma sitikulimbikitsani. Chimene chimawononga ulendowu si kuchepa kwa ndalama ayi, ndi nthawi yonyamukira. Kuchoka mu Chipata kukafika pa geti ya paki ya South Luangwa ku Mfuwe ndi makilomita pafupifupi 130 pa tala, maola awiri kapena atatu. Geti amatsegula 06:00, ndipo nyama zimayenda m'mamawa ndi chakumadzulo. Banja likanyamuka 08:00 limalowa dzuwa litakwera kale, mikango ndi akambuku atabisala mumthunzi, ana ali ndi njala, ndalama zolowera zapita, zooneka ndi mvuu ndi agwape basi. Kunyamuka 03:00 nakonso kuli ndi zake: njinga zopanda nyali, ngolo, mbuzi, ndipo mukayandikira Mfuwe njovu zimadutsa pamsewu mumdima.

Chabwino n'kunyamuka masana, kugona usiku umodzi ku Mfuwe, n'kukhala pa geti 06:00. Kunja kwa paki kuli nyumba za alendo zotchipa komanso malo omangapo tenti. Pofika cha m'ma 10:00 mwaona zokwanira, ndipo mwana wa zaka 5 sangapirire kuposa maola anayi m'galimoto. Nyamulani ma NRC (zitupa za unzika), chifukwa nzika za Zambia zimalipira zochepa poyerekeza ndi alendo akunja. Amalipiritsa munthu aliyense, galimoto nayonso payokha, choncho funsiranitu mitengo musananyamuke. Ngati mulibe galimoto, kwerani minibasi mpaka ku Mfuwe, ndipo kumeneko lipirani malo m'galimoto zoonetsa nyama. Wapansi salowa. Za ulendo woyenda pansi ndi mlonda wa mfuti, umene katswiri wosamalira nyama Norman Carr anautchukitsa m'chigwa cha Luangwa, iwalani kaye: malo ambiri salola ana osakwana zaka 12.

Auzeni ana kuti asakesake nyamalikiti. Mtundu wa Thornicroft umapezeka m'chigwa cha Luangwa mokha, kulibe kwina padziko lonse.

Zovala zabuluu ndi zakuda zisiyeni kunyumba, zimakopa kashembe, ndipo kuluma kwake kumaliza ngakhale munthu wamkulu. Mukamadutsa m'nkhalango ya mitengo ya tsanya tsekani mawindo. Madzi akumwa werengani malita awiri pa munthu, kenaka muonjezepo chigubu cha malita asanu, chifukwa kuchigwa kumatentha kuposa mu Chipata ngakhale mu Ogasiti. Malalanje ndi zipatso zina zonunkhira musagone nazo mu tenti, njovu imazinunkhiza. Anyani nawo amalanda chakudya m'manja mwa mwana, choncho kudya kuzikhala patebulo wamkulu alipo. Njovu ikaima pamsewu, imani patali ndipo musaimbe hutala.

Chenjezo lalikulu ndi mtsinje. Luangwa ili ndi ng'ona zambiri zedi, ndipo madzi akaphwa mu Ogasiti ana amakopeka ndi mchenga. Asatsikireko, ngakhale kukangosamba m'manja. Usiku mvuu zimatuluka kukadya udzu mpaka pakati pa matenti, ndiye mwana asapite yekha kuchimbudzi. Nyamulaninso neti. Malungo saonekera pomwepo, amadikira sabata imodzi kapena ziwiri, kotero mwana akatentha thupi sukulu zitatsegulira, pitani naye akayezedwe magazi ndipo munene kuti munali ku Mfuwe.

Ulendo wachiwiri umene holide ya Ogasiti imakupatsani ndi Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete, Loweruka lomaliza la mweziwo. Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005, amatuluka mitundumitundu. Nc'wala ya Angoni ya ku Mtenguleni imagwa mu Febuluwale ana ali pasukulu, choncho mwayi wanu ndi uno. Kulowa sikuvuta. Chovuta ndi chinamtindi cha anthu ndi fumbi. Lembani nambala yanu ya foni papepala, muike m'thumba la mwana aliyense, ndipo mukangofika gwirizanani malo amodzi oonekera okakumanapo wina akasochera. Wamng'onoyo mumuuziretu zimene akaone, apo ayi adzalira chilombo choyamba chikangotulukira. Gule akamadutsa mupatseni njira, ndipo ana asathamangire kukamujambula pafupi. Inu musaiwale chitenje. Nyamukani cha m'ma 15:00, mwambo usanabalalike, chifukwa madzulo aliyense amalimbirana minibasi imodzi ndipo msewu wa Great East umadzaza.

Masiku otsalawo safuna ndalama. Phiri la Kanjala lili pakhomo panu pomwepo. Yambani kukwera 06:30, muli akulu awiri kapena kuposerapo, aliyense atavala nsapato zotseka ndi buluku lalitali. Mdani wa mwezi uno ndi chitedze, chimene chimakhala chitauma ndipo ubweya wake umauluka ndi mphepo. Chikamugwira mwana asakande. Matani selotepi pamalopo n'kumatula kangapo, kenaka musambitseni ndi sopo ndi kumusintha zovala. Mukaona utsi bwererani, chifukwa anthu osaka mbewa amatentha tchire ndipo moto umathamanga pokwera phiri kuposa potsika.

Wa zaka 13 angakonde zojambula zakale za pamiyala ku Thandwe, kufupi ndi Chipata, kapena ku Mkoma chaku Katete. Yambani mwaonekera kwa anyakwawa kuti akupatseni wokuperekezani. Ana asakhudze mwalawo, asathirepo madzi kuti zioneke bwino, ndipo asalembepo maina awo ndi makala monga ena achitira m'malo otere.

Kusambira m'madamu ndi m'madambo ndiye ayi. Madzi osayenda amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo, ndipo pansi pa damu pamakhala matope ogwira miyendo. Ngati afuna kuwedza, awedze ali kumtunda, wamkulu ali pambali.

Thumba likalola ulendo umodzi wokha wolipira, sankhani Mfuwe panopa. Pa holide ya Disembala mvula imakhala itagwa, misewu yambiri ya m'paki imasanduka thope moti galimoto yaing'ono imatitimira, ndipo udzu ukakula nyama zimabalalika kutali ndi mtsinje.