Spectrum 48K yoonetsa mpunga pa TV: siyani RF, tulutsani composite

Achimwene, mwafunsa za kompyuta yakale ya ZX Spectrum 48K ya mabatani a labala imene mwalandira kuchokera kwa abale ku Britain. Mwati TV yanu yatsopano ikulephera kupeza tchanelo chake, pamene pa TV yakale chithunzi chikubwera koma chodzaza madontho ngati mpunga, ndiye mukufuna kudziwa ngati mugule kabokosi ka HDMI kapena mutsegule makinawo. Langizo langa ndi loti mutsegule. Kabokosi ka HDMI sikalandira chimene Spectrum ikutulutsa panopa, choncho ngakhale mutakagula mudzafunikabe kugwira ntchito yomweyi. Zofunika ndi kapasita imodzi ya 100µF, soldering iron, multimeter, ndi dzanja losathamanga.

Gwero la vutoli ndi kabokosi kachitsulo kamene kali pakona ya bolodi, pamene pamalowa chingwe cha eriyo. Kameneko ndi RF modulator, ndipo pa makina a ku Britain nthawi zambiri ndi Astec UM1233. Sinclair Research itatulutsa Spectrum mu 1982, ma TV ambiri a m'nyumba anali ndi khomo la eriyo lokha. Nchifukwa chake chithunzi chimayamba chapangidwa pa bolodi ngati composite (siginala yolowa pa khomo lachikasu la AV), kenako modulator imachikweza pa UHF, tchanelo 36, kuti TV ichitsitsenso. Phokoso limalowa pa kukweza ndi kutsitsa kumeneku. Modulator ikakalamba imasunthanso pang'ono pa tchanelo chake, ndipo ma TV atsopano akamadzifufuzira okha matchanelo amangoidumpha. Ena alibenso tuner ya analogi nkomwe. Composite yoyera ilipo kale pa waya wolowa m'kabokosiko, ntchito yanu ndi kungoipatutsa kuti ifike pa soketi osadutsa m'kati mwa modulator.

Koma musanakhudze modulator, yambani ndi magetsi, chifukwa apa ndi pamene ma Spectrum ambiri amafera. Makinawa amafuna 9V DC, ndipo pakati pa pulagi yake ndi negative. Ma adaputa ambiri ogulitsidwa masiku ano pakati pawo ndi positive, ndipo amalowa bwinobwino pa soketi yomweyo. Mukalakwitsa kamodzi kokha mutha kuwotcha 7805, regulator yotsitsa magetsi kufika pa 5V, ndi zina zapafupi. Yesani pulagi ndi mita musanailowetse. Adaputa yoyambirira ya Sinclair ndi ya 1.4A ndipo ilibe regulator, choncho ikakhala yosalumikiza imatha kuwerenga 12V kapena kupitirira, musadabwe nazo.

Tembenuzani makina, masulani masikuluu asanu a pansi, muwabweze chogona bwino, kenako tukulani chivindikiro pang'onopang'ono. Kiyibodi imalumikizidwa ndi timalamba tiwiri ta pulasitiki, kena ka mizere isanu, kena ka mizere isanu ndi itatu. Timalamba timeneti tauma ndi zaka, timathyoka msanga. Tigwireni pafupi ndi soketi ndi zala ziwiri, mukoke molunjika m'mwamba osatipinda. Bolodi imagwidwa ndi sikuluu imodzi pakati. Onani m'mphepete mwake pamene palembedwa Issue ndi nambala, monga Issue 2, 3B, 4A kapena 6A, chifukwa nambalayo idzafunika pa nkhani ya mitundu.

Yatsani makina chitsulo choziziritsa 7805 chili pamalo pake, ndipo muyeze pa imodzi mwa ma chip asanu ndi atatu a RAM otchedwa 4116. Nsonga yakuda ya mita ikhale pa thupi la modulator, popeza ndi ground. Pini 9 iwerenge +5V, pini 8 iwerenge +12V, pini 1 iwerenge -5V. Samalani kuti nsonga ya mita isagundanitse mapini awiri. Ngati -5V kapena +12V palibe, zimitsani nthawi yomweyo, chifukwa 4116 imawonongeka ikamayenda popanda -5V. Wolakwa kawirikawiri amakhala transistor TR4 (ZTX650), nthawi zina pamodzi ndi mnzake TR5 (ZTX213), poti ndi zimene zimapanga magetsi awiriwa. Izi zikukhudzana ndi chithunzi mwachindunji: chip yopanga mitundu, LM1889, imadya 12V yomweyo. 12V ikatsika kapena ikakhala yaphokoso, mitundu imazimiririka ngakhale mutawotcherera mwaluso chotani.

Magetsi akakhala bwino, zimitsani, zulani pulagi, mubwere pa modulator. M'mbali mwake muli mawaya awiri ochokera pa bolodi, wina ndi wa +5V, wina ndi wa chithunzi. Musadalire zithunzi za pa intaneti kuti mudziwe uti ndi uti. Ikani mita pa continuity, nsonga ina pa mwendo wotulutsa wa 7805, ina pa waya uliwonse. Amene alize mita ndi wa 5V, winayo ndi wa chithunzi. Sungunulani onse awiri kumbali ya bolodi ndi kuwazula. Iron ikhale cha pa 350°C, onjezerani solder yatsopano pang'ono kuti yakaleyo isungunuke msanga, ndipo musakoke waya solder isanasungunuke yonse, chifukwa timizere ta kopa ta mabolodi amenewa timasupuka mosavuta. Waya wa 5V muupinde, muuveke heat shrink kapena tepi kuti usagunde kanthu. Kusiya 5V yolumikiza si bwino, chifukwa modulator imapitiriza kuyenda ndi kuponya phokoso lake pa chithunzi chatsopanocho.

Tukulani chivindikiro cha modulator ndi sikuludiraiva yaing'ono yaphwatalala, chimangokanikizidwa basi. M'katimo muona rezisita imodzi yowotchereredwa pa pini yapakati ya soketi ya RCA, yolowa chingwe cha eriyo ija. Sungunulani mwendo wakewo, muupindire kutali ndi pini. Osadula chilichonse. Mukasiya zonse zili m'malo mwake, amene adzafune RF mtsogolo adzangobwezeretsa mawaya atatu.

Tsopano kapasita. Tengani electrolytic ya 100µF, 16V kapena 25V, yaing'ono yoti ikwane m'kabokosimo kapena pambali pake. Mwendo wa positive, umene ndi wautali, upite pa bowo la bolodi pamene munazula waya wa chithunzi. Mwendo wa negative, wa kumbali ya mzere, upite pa pini yapakati ya RCA. Dutsitsani mwendo kapena kawaya pa kabowo ka pulasitiki kamene waya wa chithunzi umalowera, ndipo muveke chotchinga miyendo yonse iwiri, chifukwa thupi lonse la kabokosiko ndi ground. Ukangogunda chitsulocho chithunzi chimathima. Waya wa ground wapadera sufunika, soketi imatenga kale ground pa thupilo. Musanayatse yesani ndi mita pakati pa pini yapakati ndi thupi: isalire mopitiriza.

Ena amangolumikiza waya wopanda kapasita, ndipo pa ma TV ena zimayenda. Ine sindingakulangizeni choncho. Chithunzi cha pa bolodi chimabwera chitakwera pa DC ya mavoti angapo, pamene khomo la AV la TV lili ndi 75Ω yopita ku ground ndipo limayembekezera pafupifupi 1V kuchokera pansi mpaka pamwamba. Popanda kapasita, DC imeneyo imayenda nthawi zonse kudutsa mu 75Ω, transistor yotulutsa chithunzi imalemedwa, ndipo ma TV ena amaonetsa chithunzi chakuda kapena chodumpha. Kukula kwa kapasita nakonso kuli ndi chifukwa chake. 100µF pamodzi ndi 75Ω zimayamba kudula cha pa 21Hz, pansi pa 50Hz ya chithunzi. Mukaika 10µF malirewo amakwera kufika cha pa 212Hz, ndipo mudzaona kuwala kukusiyana kumwamba ndi kumunsi kwa sikirini, nthawi zina chithunzi nkumagudubuzika. Yoposa 100µF, monga 220µF, ilibe vuto ngati ikukwana.

Lumikizani chingwe cha RCA kuchoka pa soketi yakale ija kupita pa khomo lachikasu la TV, musankhe AV. Payenera kubwera sikirini yotuwa moyera ndi mawu akuti © 1982 Sinclair Research Ltd m'munsi. Zikatero zimitsani, bwezerani timalamba ta kiyibodi, yatsaninso, dinani B kuti pabwere BORDER, kenako 2 ndi ENTER. M'mphepete monse muyenera kufiira. Yesani manambala onse: 1 ndi buluu, 4 ndi girini, 6 ndi chikasu, 7 ndi woyera.

Chithunzi chikabwera chopanda mitundu, yambani kukayikira TV. Ma TV ambiri atsopano amagwiritsa ntchito soketi imodzi pa composite ndi pa Y ya component, ndiye mukasankha Component m'malo mwa AV mumapeza chakuda ndi choyera chokha. Ena amafuna kachingwe kawokawo ka 3.5mm, ndipo timachingwe timeneti sitifanana kalumikizidwe kake kampani ndi kampani. Onaninso kuti colour system ili pa PAL kapena Auto. Zonsezi zikakhala bwino, bwererani ku 12V, kenako ku crystal ya 4.43MHz imene ili pafupi ndi LM1889. TV yakale ya chubu imalekerera crystal yosuntha pang'ono, koma yatsopano imangotaya mtundu wonse. Pa Issue 2 pali ka trimmer pafupi ndi crystal imeneyo, katembenuzeni pang'onopang'ono ndi chida cha pulasitiki mpaka mtundu utagwira. Issue 2 yomweyo ili ndi VR1 ndi VR2 zolinganizira mitundu. Ngati pamene payenera kuyera pakuoneka chikasu kapena buluu, ikani chizindikiro pamene zili panopa, kenako muzisuntha imodzi imodzi mukuyang'ana sikirini, makina atatentha kaye kwa mphindi 10. Kuyambira Issue 3 zimenezi kulibe, bolodi imadzilinganiza yokha.

Chithunzi chikakhala chakuda kwambiri ngakhale mutakweza kuwala, onjezerani transistor ya NPN, monga BC547 kapena 2N3904. Collector ipite pa bowo la 5V lija, base pa bowo la chithunzi, emitter ipite ku ground kudzera pa rezisita ya 100Ω, ndipo mwendo wa positive wa kapasita uchoke pa bolodi nkupita pa emitter. Transistor imeneyi siikulitsa voteji, imangonyamula katundu wa 75Ω kuti bolodi isalemedwe. Chenjerani ndi miyendo. Mukayang'ana mbali yaphwatalala miyendo italoza pansi, BC547 ndi collector, base, emitter kuyambira kumanzere, pamene 2N3904 ndi emitter, base, collector. Koma yambani mwayesa kapasita yokha, pa ma TV ambiri imakwanira.

Mizere yoimirira yosaoneka kwambiri imene imadutsa sikirini yonse imachokera ku phokoso la pa magetsi, makamaka makapasita a electrolytic a pa bolodi akauma. Asintheni imodzi imodzi, yatsopano ikhale ya µF yofanana ndi voteji yofanana kapena yoposa, ndipo mujambule bolodi musanazule kuti musasokoneze mbali ya positive. Mizereyo imachepa, ngakhale siitheratu pa bolodi iliyonse.

Pali chinthu chimodzi chimene ntchito imeneyi singachotse, ndipo ndi bwino muchidziwiretu. M'mphepete mwa zilembo zamitundu mudzaona timadontho tikuyenda. Pa 48K, ULA, chip yopanga chithunzi, imayendera crystal ya 14MHz pamene mtundu umayendera ya 4.43MHz, ndipo ziwirizi sizimangidwa pamodzi, choncho mtundu umaseseleka pa madontho a chithunzi. RF imabisa zimenezi chifukwa chithunzi chonse chinali chosaoneka bwino, pamene composite imazionetsa poyera. Kutsitsa sharpness pa TV kumathandiza ndithu. Kuti zichepe kwenikweni muyenera kulekanitsa kuwala ndi mtundu, ndiko kuti S-Video: mumachotsa kapasita kakang'ono kamene kamatenga mtundu ku LM1889 kukausakaniza ndi kuwala, nkutulutsa mtunduwo pa waya wakewake. Pamenepo pamafunika schematic ya Issue yanu ndi soketi yatsopano, ndiye ichiteni pokhapokha TV kapena scaler yanu (kabokosi kosinthira chithunzi kupita ku HDMI) ili ndi khomo la S-Video.

Za HDMI zija. Spectrum imatulutsa mizere 312 pa 50.08Hz popanda interlace, pamene PAL ya pa wailesi yakanema ndi mizere 625 ya interlace. Timabokosi totchipa ta AV kupita ku HDMI timaiyesa 576i, ndiko kuti PAL ya interlace ija, ndiye timasakaniza zithunzi ziwiriziwiri. Zotsatira zake ndi kuchedwa, komanso zinthu zothwanima pa masewera zimaoneka zamizeremizere. Ngati TV yanu ilibiretu AV, scaler yotchedwa RetroTINK 2X imalandira composite ndi S-Video ndipo imaigwira bwino siginala yotere. Scaler ina yotchedwa OSSC silandira composite, musaigulire ntchito imeneyi. Palinso ZX-HD imene imalowa pa edge connector ya kumbuyo nkutulutsa HDMI kudzera pa Raspberry Pi Zero. Chilichonse cholowa kumbuyoko chilowe kapena kuzulidwa makina atazima, chifukwa chikapendekeka magetsi ali mkati chimagundanitsa mapini nkupha TR4 ija kapena RAM.

Mawu musawayembekezere pa chingwe chachikasu. Pa 48K samadutsa mu modulator ngakhale kale, amatuluka pa kasipika ka pa bolodi. Mukafuna amveke pa TV, tengani chingwe cha 3.5mm mono kuchoka pa soketi ya MIC kapena EAR kupita pa khomo loyera la AV, muyambe voliyumu ili pansi.

Kwa ena m'gulu muno amene muli ndi Spectrum 128K kapena +2, musavutike ndi modulator. Makina amenewo ali ndi soketi ya DIN ya mapini 8 yotulutsa RGB, imene imaposa composite kutali. Pogula chingwe cha SCART tchulani mtundu weniweni wa makina anu, chifukwa mapini a +2 yotuwa ndi osiyana ndi a +2A ndi +3.