Njinga yamoto yamaulendo ataliatali: yokukwanani ndi iti?

Kwabwera kalata yochokera kwa bambo wina wa ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique. Ali ndi Honda VFR800 ya 2003 imene akuti yatopa, ndipo akufuna ina yolowa m'malo mwake. Amatsikira ku Tete kawiri pamwezi, nthawi zina atakweza mayi akunyumba kumbuyo. Dandaulo lawo ndi lakuti pofika ku Moatize manja amakhala atachita dzanzi, mapewa akuphwanya, mawondo osafuna kuwongoka. Msinkhu wawo ndi mita 1.68. Apeza njinga zitatu zogwirapo kale ntchito zochokera ku South Africa: Yamaha Tracer 900 ya 2017, Kawasaki Z1000SX ya 2018 ndi Yamaha FJR1300 ya 2013. Akufunsa kuti atenge iti.

Bambo, musanayang'ane zitatuzo, yambani mwayeza VFR yanuyo. Ndi yokhayo imene thupi lanu laidziwa kwa maola ambiri, ndiye ndi imene ingakuuzeni chimene chikukupwetekani. Iimikeni mowongoka, tengani tepi, muyeze zinthu zitatu: kuchokera pamene matako amakhazikika pachishalo kufika popondera phazi, kuchokera pachishalo pomwepo kufika pogwira handulo, ndi kutalika kwa handulo pamwamba pa chishalo. Chachitatuchi chimasavuta mukayeza zonse ziwiri kuchokera pansi n'kuchotsera. Lembani manambalawo pakapepala, muyende nako kulikonse kumene mukukaona njinga.

Ululu uliwonse uli ndi kwawo. Mawondo akamauma, ndiye kuti kuchokera pachishalo kufika popondera pafupika, mwendo ukupindika kwambiri. Mapewa ndi mfundo za manja zikamapweteka, handulo yatsika kapena yatalikira, thupi lonse likutsamira pamanja. VFR inapangidwa choncho dala: pa liwiro la makilomita 120 pa ola mphepo imakukankhani pachifuwa n'kupeputsa manja. Koma kuchokera ku Ulongué kutsika msewu wa N304 mpaka pa Mussacama, kenako N7 kulowera ku Moatize, ndi kangati pamene mungagwire liwiro limenelo kwa nthawi yaitali? Muli kumbuyo kwa thiraki, mukuzemba dzenje, mukuchepetsa pamudzi chifukwa cha mbuzi ndi ana asukulu. Pa 60 kapena 70 palibe mphepo yokunyamulani, ndipo potsetsereka mukugwira buleki kulemera konse kumagwera m'manja. Ulendo wa makilomita oposa 200 wotero, dzanzi silingalephere.

Komabe dzanzi lina si la kakhalidwe. Onani ngati tizitsulo tolemera ta kumapeto kwa handulo tilipo, chifukwa tikasowa handulo imanjenjemera. Onaninso mmene chogwirira buleki ndi cha kilatchi zapendekera. Mutakhala pachishalo, mkono, dzanja ndi zala ziyenera kukhala pamzere umodzi. Ngati mukupinda dzanja m'mwamba kuti mufikire buleki, masulani mabawuti awiri ogwira chogwiriracho, mutembenuzire pansi pang'ono, mumange. Zimenezi n'zaulere, ndipo mudzazichitanso pa njinga yatsopanoyo.

Tsopano miyendo. Msinkhu wa 1.68 sutiuza zambiri, chofunika ndi kutalika kwa mwendo mkati. Valani nsapato zimene mumakwera nazo, tsamirani khoma, ikani buku pakati pa miyendo mulikweze mpaka ligunde, wina ayeze kuchokera pamwamba pa bukulo kufika pansi. Mwina mupeza pakati pa masentimita 76 ndi 80. VFR yanu chishalo chili pa mamilimita 805. Z1000SX ya 2018 chili pa 815. FJR1300 chimasinthika, 805 kapena 825. Tracer 900 ya 2017 chili pa 845 kapena 860.

Manambala amenewa musawakhulupirire okha. Chishalo chotambalala kutsogolo chimatangadza miyendo, ndipo mwendo wotangadza sufika pansi. FJR ya 805 ikhoza kukuimitsani ndi zala monga momwe Tracer yopyapyala m'chiuno ya 845 ingachitire. Ndiponso mukakhala, mashoko amatsika mamilimita 30 kapena 40, kutengera kulemera kwanu. Simufunikira zidendene zonse ziwiri pansi. Chofunika n'chakuti phazi limodzi liponde lonse pamene linalo lili popondera, musakusendera chiuno kwambiri. Yeserani ndi phazi lamanzere, chifukwa kuno timayenda kumanzere, ndipo m'mbali mwa msewu nthaka imatsetserekera komweko. Pamene tala wathera pamakhala kaphompho ka masentimita angapo ndi timiyala totereka. Ambiri njinga imawagwetsa pamenepo, ataima kale, pofuna kugula mbatata kapena kuonetsa mapepala kwa apolisi.

Apa ndi pamene kulemera kumalowa. Tracer ndi makilogalamu 210 thanki yodzaza, Z1000SX ndi 235, FJR ndi pafupifupi 290. Poyenda kusiyanako sikumveka. Kumamveka pobweza m'mbuyo pabwalo lamchenga, potembenuka pamsewu wopapatiza, ndi poidzutsa ikagwa.

FJR ndiyo mfumu pa nkhani ya anthu awiri, zimenezo sitingatsutse. Chishalo chakumbuyo n'chachikulu, galasi lotchinga mphepo limakwera ndi kutsika ndi batani, thanki ndi ya malita 25, ilibe tcheni koma shafiti (chitsulo chotsekeredwa m'kati chozungulitsa tayala lakumbuyo), ndiye fumbi silikuvutitsani, ndipo ya 2013 ili ndi batani logwira liwiro lokupumitsani dzanja lamanja. M'mamawa wa June kapena July ku Angónia, kukuzizira, mudzaidalitsa. Koma ganizirani October kapena November mumzinda wa Tete, kutentha kutadutsa madigiri 40, muli pamzere wa magalimoto ku Matundo kudikira kuwoloka mlatho wa Samora Machel. Injini ya 1300 ili pakati pa miyendo, fani yayamba kupemerera, zotchinga zonse zija zikutsekereza kamphepo kamene kakanakupulumutsani. Zoyambirira za 2001 mpaka 2005 ndizo zinatchuka ndi kuwotcha miyendo, ndipo kuyambira 2006 anakonzako kayendedwe ka mpweya, koma injini yaikulu ndi yaikulu basi. Kwa munthu wa miyendo yanu, wokhala kumene tala akangotha ndi dothi, ife sitingakulimbikitseni. Kanjira konyowa kolowera kumunda nthawi ya dzinja ndi makilogalamu 290 sizigwirizana.

Z1000SX ndi imene mudzaizolowere msanga chifukwa ndi mbale wake wa VFR. Handulo zake zakwera kuposa za VFR, ndiye manja apepukidwa ndithu, koma mudzawerama ndithu pang'ono, ndipo mawondo adzakhala opindika pafupifupi monga kale. Ngati dandaulo lalikulu ndi mawondo, mwangosintha utoto. Mayi nawonso akhala pamwamba, pakachishalo kocheperako, mawondo ali m'mwamba. Ili ndi chinthu chimodzi chabwino kwambiri: chopotokola chapambali chomangira sipuling'i yakumbuyo ndi dzanja, popanda sipanala.

Tracer imakukhazikani mowongoka ngati pampando wakutchalitchi. Handulo ndi yotambalala ndi yokwera, miyendo ili ndi malo, ndipo mukaona dzenje mochedwa mukhoza kuimirira pang'ono pa zopondera kuti msana usalandire nkhonya. Pa zitatuzi ndi imene ikuyankha madandaulo anu onse atatu. Zofooka zake n'zodziwika: chishalo n'cholimba, galasi lake limasokosera m'chipewa, ndipo chishalocho n'chachitali kwa inu. Zoyamba ziwirizo zimakonzeka ndi ndalama zochepa. Chachitatucho muyenera kuchiyesa nokha, palibe angakuyankhireni pafoni.

Pali zimene mungasinthe pa njinga ndi zimene simungasinthe, ndipo pogula yang'anitsitsani zosasinthikazo. Handulo imakwezeka ndi tizitsulo ta mamilimita 25 kapena 30, bola muone kuti paipi ya buleki ndi mawaya sizikukoka mukapinda handulo mpaka kumapeto mbali zonse, ndiponso kuti sikugunda galasi. Kupitirira pamenepo mufunika paipi yaitali. Chishalo amachikonza osoka mipando ya galimoto. Koma muwauze bwino: asachotse siponji pamwamba, asenge m'mbali kutsogolo kuti miyendo itsike mowongoka. Mukadula pamwamba mamilimita 20, mwafupikitsa mtunda wofika popondera ndi 20 yemweyo, mawondo aja ayambanso. Ndipo musapemphe siponji yofewa. Yofewa imakoma mphindi khumi, kenako imaphwa, mafupa n'kukhala papulasitiki. Yolimbirako, yotambalala kumbuyo, yosatsetserekera kuthanki, ndiyo imafikitsa ku Tete. Pachikopa chakuda chimene chakhala padzuwa la ku Tete ikani kaneti koyalapo, kamalola mpweya kudutsa pansi.

Kutsitsa njinga yonse ndi tizitsulo ta shoko yakumbuyo kukhale komaliza. Mukatsitsa kumbuyo muyenera kutsitsanso kutsogolo mofanana, apo ayi njinga imauma pokhota. Sitandi iyenera kufupikitsidwa, chifukwa njinga imaima mowongoka kwambiri n'kugwera kumanja. Choipitsitsa, Tracer ili ndi mamilimita 135 okha kuchokera pansi kufika kumimba, ndipo pansi pake pali sampu, mokhala oilo wa injini. Chotsanipo 25, kwezani mayi ndi katundu, mukwere hampu: mumva chitsulo chikulira. Zosasinthika konse ndi kulemera, kutambalala kwa thanki ndi felemu pakati pa ntchafu, kutentha kwa injini, ndi malo a wokwera kumbuyo.

Poyesa, musapite mutavala malaya ndi silipasi. Valani chipewa chanu, jekete ndi nsapato, ndipo mayi akhalepo. Mwini wake akalola, yendani ola lathunthu, chifukwa chishalo choipa sichidziulula mphindi 20 zoyamba. Dutsani pamsewu wosalala, pamaenje, ndi m'tauni pamene fani iyambe kugwira ntchito. Pa liwiro la 100 mverani khosi: ngati mutu ukugwedezeka ngati wina akumenya chipewa, dzukani pang'ono. Phokoso likatha, galasi ndi limene likuponya mphepo pachipewa, ndipo nthawi zambiri lalifupi limathandiza kuposa lalitali. Kenako tembenukani pamsewu popanda kuponda pansi, muime, muibweze m'mbuyo ndi miyendo. Mayi muwafunse zitatu: akwera mosavuta, ali ndi pogwira, ndipo pogwira buleki akutererekera pa inu kapena ayi. Mwini njinga akapanda kulola kuti muyende nayo, khalanipo mphindi 20 mapazi ali popondera, wina atagwira njinga, n'kuyerekeza ndi kapepala kaja.

Ngati njinga ikadali ku Johannesburg ndipo mukuiona pa WhatsApp, pemphani wogulitsa ayeze miyezo itatu ija, ajambule tepi ikuoneka. Mufunsenso ngati inatsitsidwapo kapena chishalo chinasinthidwa. Koma kutumiza ndalama pa njinga imene simunakhalepo, makamaka yaitali ngati Tracer, n'kutchova juga. Bola mupeze ina yamtundu womwewo kufupi, ku Tete kapena kutsidya ku Lilongwe podzera pa Calómuè, mungokhalapo.

Tiwonjeze imene simunaitchule. Zitatu zanuzo zili ndi malimu a mainchi 17 ndi matayala opyapyala m'mbali, ndipo dzenje lakuthwa milomo limapinda limu yotero, tayala lopanda chubu n'kuphwa pomwepo. Ngati mumalowa kawirikawiri njira za dothi za ku Tsangano kapena ku Macanga, yang'ananinso Suzuki V-Strom 650: kutsogolo mainchi 19, chishalo pa 835, thanki malita 20, malo a anthu awiri okwanira. Mphamvu ndi zochepa poyerekeza ndi VFR, koma pamisewu imeneyo simudzazisowa kawirikawiri.

Pa zitatu zanu, ife tingayambe ndi Tracer chishalo chili pa 845, ndipo phazi lamanzere likalephera kuponda lonse, tingapite ku Z1000SX n'kukweza handulo. Imene mungatenge, werengani m'buku lake katundu amene imaloledwa kunyamula. Njinga zambiri zamtundu uwu zimalola pakati pa makilogalamu 180 ndi 210, kuphatikiza inu, mayi, zovala ndi mabokosi, ndiye thumba la mbatata la ku Angónia pamwamba pake likhoza kudutsa malire. Mukakwera awiri mangani sipuling'i yakumbuyo mpaka njinga izitsika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kayendedwe ka shoko, mupope tayala lakumbuyo monga zalembedwa pakapepala komata panjingayo, ndipo muonenso nyali yakutsogolo, chifukwa kumbuyo kukatsika imaunika m'mitengo.