Musamasule kasikuluwu konse

Achemwali, poti mwanena kuti rediyeta yoyanikapo matawulo ikufunda pansi pokha pamene pamwamba pali zii, ndikukhulupirira kuti muli mpweya, chifukwa yathu inachitanso chimodzimodzi mu Januwale 2023 pamene tinkakhala m'nyumba ya lendi ku Leicester, ku England. Rediyeta ya m'bafa ndi yayitali kuposa zinzake, choncho mpweya umene uli m'mapaipi umakonda kukaunjikana pamwamba pake, ndipo madzi otentha amalephera kukwera.

Ine ndinalembera mwininyumba katatu, ndipo sabata ziwiri zinatha osayankha, pamene matawulo ankanunkha chinyezi, nkhungu itayamba kuda pakona ya denga, mwana wanga akutsokomola usiku wonse. Nditatopa ndinagula kakiyi ka rediyeta, ndipo usiku wina nditaweruka kuntchito ndinayamba kumasula kasikuluwu kapamwamba kotulutsira mpweya osazimitsa boiler, makina otenthetsa madzi oyenda m'marediyeta. Mpweya unatuluka ndithu, unkamveka kuti tsii, koma ine ndinapitiriza kupotoza poganiza kuti utuluke msanga. Kasikuluwu kanasololoka, kanagwa pansi n'kugubuduzika mpaka kuseri kwa chimbudzi, ndipo madzi akuda bii, otentha, onunkha dzimbiri, anathovokera pakhoma mpaka pa yunifolomu yanga. Ndinatseka bowolo ndi chala chachikulu chikupsa, ndikukuwira bambo a kunyumba kuti abwere ndi tochi, iwo akukwawa pansi m'madzi kufunafuna kachitsulo kochepa ngati njere ya chimanga. Sindinaganize n'komwe zotseka ma valve awiri a pansi pa rediyeta, olowetsa ndi kutulutsa madzi, amene akanaletsa madziwo nthawi yomweyo. Pamene tinkakapeza, boiler inali itazima chifukwa pressure ya madzi m'mapaipi inatsikiratu, ndipo nyumba yonse tinagona m'chisanu.

Chimene chimandipwetekabe mtima ndi chakuti mwininyumba uja, amene anakhala chete sabata ziwiri, anayankha m'mawa womwewo atamva za madzi, n'kunena kuti adzandidula ndalama ya dipoziti chifukwa cha khoma. Munthu wolandira lendi mwezi ndi mwezi osaphonya tsiku, koma wosafuna kutumiza pulambala pa ntchito ya mphindi zisanu! Ku England lamulo la Landlord and Tenant Act 1985, gawo 11, limanena kuti kukonza zotenthetsera nyumba ndi madzi ndi udindo wa mwininyumba, ndipo iye ankadziwa bwino lomwe zimenezi.

Choncho ngati nyumbayo ndi ya lendi, musathamangire kuigwira rediyetayo, lembani uthenga kwa mwininyumba, jambulani zithunzi, sungani zonse. Komabe sindingakuuzeni kuti mudikire sabata ziwiri m'chisanu ngati ine, chifukwa ntchitoyi ndi yochepa mukaichita mofatsa. Zimitsani boiler, dikirani rediyeta izizire, ikani chiguduli pansi pa kasikuluwu, ndipo mupotoze kumanzere pang'ono chabe, osafika theka la kuzungulira. Madzi akangoyamba kudontha mutseke. Kenako muyang'ane kawotchi koonetsa pressure ka pa boiler, kamene kamayenera kuloza pakati pa 1 ndi 1.5 bar madzi akazizira. Kakatsika muwonjezere madzi kudzera pa filling loop, kapaipi kolowetsera madzi a pampopi m'mapaipi a boiler. Mkati mwa boiler ya gasi musalowetsemo dzanja, imeneyo ndi ntchito ya amisiri olembetsedwa ku Gas Safe okha, kaundula wa amisiri ololedwa kugwira ntchito za gasi.

Rediyeta ikakanabe kufunda, onani ngati ma valve onse awiri ali otsegula, makamaka ija yokhala ndi kachipewa kopanda manambala, chifukwa ena amaitseka popenta n'kuiwala. Ngati ilipo valve ya manambala, kapini kake kamatha kuuma ikakhala yotseka chilimwe chonse. Ndipo muonetsetse ngati rediyeta yanu ilibe waya wolowa pansi, chifukwa zina zimayenderanso magetsi, ndipo switch yake nthawi zambiri imakhala kunja kwa bafa, pafupi ndi chitseko.