Boxer ya makilomita 72,000: musayambire pa wotchi, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kugula njinga yamoto ya Boxer yakale imene wotchi yake ikuonetsa makilomita 72,000, yomwe mwini wake wakhala akuchitira kabaza pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay kuno ku Salima. Ndaona ambiri akuyankhani kuti thawani, yatha ntchito imeneyo. Ine sindikuvomereza msanga choncho. Ikhoza kukhala yabwino, ikhozanso kukhala yotheratu, koma nambala ya pawotchiyo si imene ingakuuzeni zoona.

Taganizani: wakabaza woyenda makilomita 100 patsiku, masiku 300 pachaka, wakwanitsa kale 30,000. Ndiye 72,000 ndi ntchito ya zaka ziwiri ndi miyezi ingapo basi. Komanso njinga zambiri kuno kebulo ya wotchi inaduka kalekale, wotchi inangoima pamene inaimapo, mwina njingayo yayenda kuwirikiza kawiri. Ena amachita kugula wotchi ina n'kuikapo. Yang'anani mphira zopondapo mapazi, chopondera buleki ndi kiki. Zikakhala zoperepeseka mpaka chitsulo kuwala, njingayo yaona msewu, kaya wotchi ikunena chiyani.

Ine ndimayambira pa mapepala, ndisanamve n'komwe kulira kwa injini. Njinga zambiri zimalowa kuchokera ku Mozambique osadzera ku MRA, zina ndi zobedwa. Muone blue book, ndipo nambala ya chesisi ndi ya injini zimene zalembedwamo muziyerekeze ndi zimene zadindidwa pa njingayo, nambala imodziimodzi, ndi maso anu. Pa nambalapo pakaoneka kuti panakhulidwa kapena kupakidwa penti wochindikala, bwererani kwanu ndi ndalama zanu. Dzina la pa blue book lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsayo, ndipo avomere kupita nanu ku Road Traffic kukasintha umwini. Akayamba zakuti "mapepala ali ndi alamu anga ku Dwangwa, ndidzakupatsani mawa," musapereke ngakhale theka. Apolisi akakugwirani pa rodibuloko ndi njinga yobedwa, mwataya njinga, mwataya ndalama, mlandunso ndi wanu.

Mapepala akakhala bwino, pitani kukaiona m'mamawa, ndipo mumuuziretu kuti asailize inu musanafike. Mukafika gwirani injini ndi dzanja. Mukaipeza yofunda, dziwani kuti mwina akubisa vuto loti imavuta kulira ikazizira. Ilizeni nokha ndi kiki. Phazi lanu limve kulimba ikamatsika. Kiki ikangopita pansi ngati mulibe kanthu, mphamvu ya mu silinda yachepa, mwina pisitoni ndi maring'i zadyeka. Ikalira, imani kumbuyo muone utsi wina akuponda moto. Utsi wotuwa ngati wabuluu, wonunkha oyilo wopserera, ndiye kuti ikudya oyilo. Utsi wakuda ndi kabureta kapena sefa ya mpweya, zimenezo sizidula kukonza. Muike khutu pafupi: kaphokoso kakang'ono ka "tiki tiki" pamwamba nthawi zambiri ndi mavalavu ofunika kutchuna, kuchita "tsereretsere" m'mbali ndi tcheni cha m'kati mwa injini. Koma kugogoda kolemera kochokera pansi, "gu gu gu" kowonjezeka mukaponda moto, kumeneko ndi ku kirankishafiti, ndipo ndalama yake ndi yambiri.

Tsegulani poyezera oyilo, mupake pang'ono pa zala ziwiri n'kutikita, muyang'ane padzuwa. Kuda kokha si vuto. Koma mukaona timanyenyeswa tonyezimira ta chitsulo, injini ikudzidya yokha. Akakhala oyilo watsopano mbee, funsani kuti wasinthidwa liti, chifukwa ena amathira wokhuthala tsiku logulitsa kuti phokoso libisike. Tinjini timeneti timalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndiye ndi kutentha kwa kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala, munthu wochedwa kusintha oyilo amapha injini msangamsanga. Mutsegulenso bokosi la sefa ya mpweya. Kuno kwathu mchenga wa ku Senga Bay ndi fumbi la misewu ya ku Lifuwu ndi ku Khombedza ndi zimene zimamaliza njinga. Mukapeza fumbi ladutsa sefa mpaka ku mbali yolowera ku kabureta, kapena sefayo mulibemo, mchenga umenewo wakhala ukupala silinda tsiku ndi tsiku.

Funsani ngati injini inatsegulidwapo. Kutsegulidwa si tchimo, njinga ya msinkhu umenewu n'zoyembekezeka. Chofunika n'kudziwa kuti pisitoni ili pa saizi yanji. Silinda ikadyeka amaiboola n'kuika pisitoni yokulirapo, 0.25, kenako 0.50, mpaka 1.00. Ikafika kumapetoko, ulendo wotsatira mudzagula silinda yatsopano. Mwini njinga wosamala amayankha funso limeneli mosajejema, amakuuzaninso makanika amene anagwira ntchitoyo.

Tsono chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa njinga ya kabaza si injini, ndi felemu. Injini ya Boxer imakonzeka, zipangizo zake zimapezeka m'masitolo, zikasowa pano Lilongwe ili pafupi. Felemu yopindika ilibe mankhwala. Njinga zimenezi zanyamula anthu atatuatatu, matumba a mpunga, makala, madengu a usipa. Chotsani mpando, muyang'ane pansi pake ndi pamene pamangika mashoko akumbuyo ndi keriyala. Gwadani muyang'anenso pakhosi, pansi pa thanki, pamene chiwongolero chalumikizana ndi felemu. Mukaona powotcherera pakhosipo, mwina njingayo inachitapo ngozi yaikulu, ndipo ine sindingakwezepo mwana wanga ngakhale atandipatsa ulere. Penti watsopano pa njinga yakale muzimukayikira, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Iimikeni pa sitandi yapakati. Gwirani tayala lakumbuyo muligwedezere kumanja ndi kumanzere, lisachite khwekhwerere. Chiwongolero chitembenuke mosalala, chisamakakamire pakati. Mashoko akutsogolo asakhale onyowa ndi oyilo. Mano a sipuloketi akasongoka n'kupindika, mudzagula tcheni ndi masipuloketi onse awiri pamodzi. Zimenezi, pamodzi ndi matayala, batire ndi mabuleki, si zifukwa zokanira njinga, ndi zifukwa zotsitsira mtengo.

Kenako ikwereni nokha, osati kungozungulira pamsika ayi. Lowani mu M5, injini itenthe bwino, mulowetse magiya onse mpaka lomaliza. Giya isamatuluke yokha. Mukaponda moto pa giya yapamwamba injini n'kumangolira koma liwiro osawonjezeka, kilatchi yatha. Pamalo oongoka opanda magalimoto, pepukitsani manja pang'ono pa chiwongolero. Ikamakokera mbali imodzi, bwererani ku nkhani ya felemu ija. Mukaima, idikireni mphindi zingapo muone ngati pansi padontha oyilo, kenako muilizenso ili yotentha.

Wina m'gulu muno wakulangizani kuti bola Yamaha AG 200 kapena DT 125 zimene mabungwe amagulitsa zikakalamba. N'zolimbadi, makamaka AG 200 m'matope a dzinja, ndipo zambiri zimakhala kuti zinkalandira sevisi pa nthawi yake. Koma zipangizo zake n'zodula, ndipo DT imamwa petulo kwambiri, imafunanso oyilo wa 2T, wopsera limodzi ndi petulo, nthawi zonse. Pa kabaza, pamene phindu lili pa lita iliyonse, Boxer ndi imene ingakusungeni.

Mutenge makanika wanu, osati amene wogulitsayo wakusankhirani, mumulipire kangachepe. Alembe zonse zofunika kusintha ndi mitengo yake ya lero. Muwonkhetse ndalamazo pa mtengo wa njingayo, muwonjezerepo za inshuwalansi, kusintha umwini ndi zipewa ziwiri, yanu ndi ya wokwera. Zonsezo zikayandikira mtengo wa yatsopano, dikirani miyezi ingapo muwonjezere ndalama. Koma mapepala akakhala enieni, felemu yoongoka yosawotcherera, injini yosagogoda pansi, ine ndingaigule ngakhale ikutulutsa kautsi pang'ono, bola achotsepo ndalama ya pisitoni ndi maring'i. Polipira mulemberane kalata, pakhale mboni ziwiri, ndipo mujambule chiphaso chake. Mukakaiona, jambulaninso pakhosi paja ndi pansi pa mpando, muike zithunzizo muno tikuthandizeni kuona.