Funsani Tiyankhe: Kodi ndalama zokwanira pa zaumoyo m'dziko muno ndi zingati?

Funso: A Mkonzi, ine ndine mmodzi wa mamembala a komiti yoyang'anira chipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Chaka chilichonse timamva pa wailesi aphungu ndi mabungwe akudandaula kuti ndalama zopita ku zaumoyo sizinafike 15 peresenti ya bajeti, ndipo ife tikafunsa chifukwa chimene mankhwala amathera mwezi usanathe, timayankhidwa kuti ndalama ndi zochepa. Kodi zokwanirazo ndi zingati, ndipo amene amawerengera amayambira pati? Kodi 15 peresentiyo ikadzakwana ndiye kuti mavuto athu atha? (Bambo wa ku Nsanje)

Yankho: Bambo, tiyambe ndi funso lanu lomalizalo, ndipo yankho lake ndi lakuti ayi. Nambala ya 15 peresenti inachokera ku msonkhano wa atsogoleri a maiko a mu Africa umene unachitikira mu mzinda wa Abuja ku Nigeria mu Epulo 2001, kumene analonjeza kuti pa ndalama zonse zimene boma likugwiritsa ntchito pachaka, gawo limenelo lidzipita ku zaumoyo. Lonjezoli ndi lofunika, ndipo aphungu salakwa kulikumbutsa, pakuti kuno kwathu gawo la zaumoyo kawirikawiri limakhala cha m'ma 10 peresenti. Koma lonjezoli limangonena za kagawidwe, silinena za kukula kwa chinthu chimene chikugawidwacho. Banja limene lakolola madengu awiri okha a mapira likhoza kupatula gawo la ana mokhulupirika ndithu, anawo n'kugonabe ndi njala. Bajeti ya dziko lathu ndi yaing'ono poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, choncho ngakhale 15 peresenti itakwana, sizikutanthauza kuti munthu aliyense wodwala apeza chithandizo chimene akufunika.

N'chifukwa chake akatswiri amakonda kufunsa kuti pa munthu mmodzi pakufunika ndalama zingati pachaka. Mu 2001 gulu la akatswiri limene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa linati maiko osauka akufunika madola 34 a ku America pa munthu aliyense kuti apereke chithandizo choyambirira. Mu 2014 lipoti la bungwe la Chatham House la ku London linakweza nambalayi kufika pa madola 86. Tikatenga anthu 17.5 miliyoni amene anawerengedwa m'kalembera wa 2018 n'kuchulukitsa ndi 86, tikupeza madola pafupifupi 1.5 biliyoni pachaka. Pamene kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wakhala akusonyeza kuti tikaphatikiza ndalama za boma, za maiko ndi mabungwe otithandiza, ndiponso zimene anthu amatulutsa m'thumba mwawo, zonse pamodzi zimafika pafupifupi madola 40 pa munthu pachaka, ndipo zopitirira theka la ndalamazi zimachokera kunja. Manambala amenewa amathandiza kuona kukula kwa mpata umene ulipo, koma sangauze nduna ya zachuma kuti boma la Nsanje lilandire zingati, chifukwa anawerengedwa poganizira maiko ambirimbiri nthawi imodzi.

Kuwerengera kwenikweni kumayambira pansi, pa munthu wodwala. Taganizirani mwana amene watentha thupi usiku, m'mawa mayi ake n'kumubereka kupita naye kuchipatala chanucho. Kuti athandizidwe pafunika kachipangizo kopimira malungo, kobayira chala, thonje, magolovesi, mankhwala a LA omwa kawiri patsiku kwa masiku atatu, ndi panado. Chilichonse mwa izi chili ndi mtengo wake, ndipo pamwamba pake pali mphindi zimene wogwira ntchito wathera pa mwanayo, zimene ndi gawo la malipiro ake. Ngati mwanayo wafika mochedwa, akukomoka kapena magazi achepa, nkhani imasintha kotheratu: pafunika jakisoni wa artesunate, bedi, dilipi, mwina kumuwonjezera magazi, ndiponso ambulansi yomutengera kuchipatala chachikulu cha boma. Choncho wowerengera ayenera kudziwa kuti m'deralo muli ana angati, angati amadwala malungo pachaka, ndipo mwa odwalawo ndi angati amene matenda amawakulira. Akachulukitsa manambalawa ndi mitengo ija apeza ndalama za malungo a ana okha. Kenako abwereza ntchito yomweyo pa uchembere, kumene ayenera kukumbukira kuti mwa amayi 100 oyembekezera, ena 10 kapena 15 angafunike opaleshoni, pa katemera, pa chifuwa chachikulu, pa likodzo, pa ma ARV a anthu pafupifupi 1 miliyoni amene ali ndi HIV m'dziko muno, mpaka pa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amene akuchulukirachulukira ngakhale kumidzi.

Matenda onsewa amadalira zinthu zina zimene sizingagawidwe pa wodwala mmodzimmodzi, monga nyumba za chipatala ndi za ogwira ntchito, mjigo kapena mpope, magetsi, mafiriji osungira katemera, magalimoto, ndi sukulu zophunzitsa anamwino ndi madokotala. Malipiro a ogwira ntchito ndiwo amatenga gawo lalikulu la ndalama zimene boma limaika ku zaumoyo, ndipo apa ndi pamene wowerengera amayesedwa ngati ali woona mtima. Akawerengera anamwino amene alipo lero, apeza nambala yaing'ono yosangalatsa a ku Unduna wa Zachuma. Akawerengera amene akufunika, nambala ikwera kwambiri. Mwachitsanzo, cholinga cha dziko lino n'chakuti mlangizi wa zaumoyo mmodzi adziyang'anira anthu 1,000, kutanthauza kuti boma la Nsanje, limene mu 2018 linali ndi anthu pafupifupi 300,000, liyenera kuwerengeredwa malipiro, njinga ndi zipangizo za alangizi osachepera 300, ndipo Chikwawa, imene inali ndi anthu opitirira 560,000, iyenera kuwerengeredwa pafupifupi kuwirikiza kawiri.

Pali njira ina yachidule imene maofesi ambiri amathawirako, yotenga ndalama za chaka chatha n'kuwonjezerapo pang'ono. Ine ndimaiona njira imeneyi kuti ndi yoopsa, ndipo ikukhudza mwachindunji dandaulo lanu la mankhwala. Ngati LA watha pa tsiku la 20 la mwezi, odwala amene abwera masiku otsalawo amauzidwa kuti akagule, ena amamva mbiri n'kungokhala kunyumba kapena kupita kugolosale. Mabuku a chipatala adzaonetsa mankhwala amene anaperekedwa, osati amene anafunika, ndipo amene akuwerengera ali ku Lilongwe akatenga nambala imeneyo ngati muyeso, kuperewera kwa chaka chino kumasanduka bajeti ya chaka chamawa. Pamenepa komiti yanu ili ndi mphamvu kuposa mmene mukuganizira. Mukamasainira kuti mankhwala ochokera ku Central Medical Stores Trust, nkhokwe ya boma yosungira ndi kugawa mankhwala, afika, onetsetsani kuti zimene zalembedwa zikufanana ndi zimene zatsitsidwa m'galimoto, ndipo pemphani mwaulemu kuti masiku onse amene mankhwala anali atatha adzilembedwa pa khadi la m'sitolo ya mankhwala ndi m'lipoti la pamwezi. Masiku amenewo ndiwo umboni wokhawo umene umafika kumtunda wosonyeza kuti panali anthu amene sanathandizidwe.

Tsopano tibwere kwathu kuno kuchigwa cha Shire, kumene nambala ya dziko lonse imatinamiza kwambiri. Kupereka chithandizo chofanana kwa munthu wa ku Makhanga kapena ku Marka kumadya ndalama zambiri kuposa kuchipereka kwa munthu wa mu mzinda wa Blantyre. Wodwala wotumizidwa kuchokera ku Nsanje kupita ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth amayenda mtunda wa pafupifupi makilomita 180 n'kukwera mapiri a Chikwawa, ndipo ambulansiyo iyenera kubwerera, kudya mafuta ndi matayala ulendo wachiwiri. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, kumene kumafika madigiri 40 m'madera monga Ngabu, kumafuna kuti firiji ya katemera isazime ngakhale tsiku limodzi. Zipatala za m'malire zimalandiranso abale athu ochokera ku Mozambique, amene sali m'kalembera wathu koma amadwala ndi kumwa mankhwala ngati ife tomwe, ndipo palibe namwino amene angawabweze.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi madzi osefukira. Tinawaona mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022, ndiponso ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anafika dziko lili kale pa mliri wa kolera umene unapha anthu opitirira 1,700. Nthawi iliyonse misewu ya kutsidya la kum'mawa kwa Shire imaduka, amayi oyembekezera amawolotsedwa pa bwato, anthu amaunjikana m'misasa kumene kutsekula m'mimba ndi malungo zimafala, ndipo makatoni a mankhwala amene anyowa amatayidwa. Zinthu zimene zachitika kanayi m'zaka zosakwana khumi sizingatchedwenso zadzidzidzi. Wowerengera wanzeru amaika m'ndondomeko yake ndalama za maboti, za matenti, za mankhwala othira m'madzi akumwa, za kutumiziratu mankhwala kutsidya mvula isanayambe, ndi za kukonza zipatala zoonongeka. Izi zikasiyidwa, ndalama zoyendetsera chipatala cha boma zimathera pa ngozi m'miyezi iwiri, miyezi yotsalayo odwala wamba n'kumavutika.

Palinso nkhani ya kwacha. Pafupifupi mankhwala onse ndi zipangizo zimagulidwa kunja ndi madola. Pamene mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zomwezo zimene Nyumba ya Malamulo inavomereza zinayamba kugula mankhwala ochepa, ngakhale pa pepala panalibe chimene chinasintha. Choncho mukamva kuti bajeti ya zaumoyo yakwera ndi mabiliyoni akutiakuti, funsani ngati yakwera kuposa mitengo ya zinthu ndi kuchuluka kwa anthu.

Pomaliza pa funso lanu, nambala ya ndalama zofunika imadalira zimene dziko lalonjeza anthu ake. Kuyambira mu 2004 Malawi ali ndi mndandanda wa chithandizo chofunikira kwambiri chimene chiyenera kupezeka kwaulere, ndipo ndondomeko ya zaumoyo ya 2023 mpaka 2030 inauunikanso. Mndandandawu ukatalika, mtengo umakwera, ndipo ukafupika, pali odwala amene amasiyidwa kunja. Kusankha kumeneku n'kowawa, chifukwa ndalama zotsuka magazi a munthu mmodzi wodwala impso kwa chaka zikhoza kugulira masikito mabanja ambirimbiri, koma wodwala impsoyo nayenso ndi Mmalawi. Maganizo anga ndi akuti boma liyenera kumauza anthu poyera manambala atatu chaka chilichonse, pa boma lililonse monga Nsanje ndi Chikwawa palokha: ndalama zofunika, zimene zilipo, ndi chithandizo chimene chisowe chifukwa cha mpatawo. Kuyimitsidwa kwa thandizo lina la dziko la America kumayambiriro kwa 2025 kunaonetsa kuti ngakhale ndalama zimene timati zilipo si zonse zimene zili m'manja mwathu.

Funso: A Mkonzi, boma limati chithandizo ndi chaulere, koma chipatala chimene tili nacho pafupi ndi cha mishoni ndipo timalipira. Kodi ndalama zimene timalipirazi amaziwerengera? (Mayi wa ku Chikwawa)

Yankho: Mayi, zipatala za mishoni monga Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo ya Chikhristu, ndipo si za boma, ngakhale boma limalipira malipiro a ogwira ntchito ambiri a kumeneko. Kuyambira mu 2006 boma lakhala likuchita mapangano ndi zina mwa zipatalazi kuti chithandizo china, makamaka cha amayi oyembekezera ndi ana obadwa kumene, chidziperekedwa kwaulere, boma n'kumabweza ndalamazo. Funsani akuluakulu a chipatala chanu kapena a ofesi ya zaumoyo ku khonsolo kuti pangano la kwanuko likukhudza chithandizo chiti, chifukwa mapanganowa amasiyana. Ndalama zimene mumalipira pa windo la chipatala ndi zogulira mankhwala zimalowa m'kafukufuku wa ndalama za zaumoyo uja, pansi pa zimene anthu amatulutsa m'thumba. Koma za kabaza, za chakudya cha wodikirira wodwala, ndi masiku amene mwasiya kumunda nthawi yopalira kawirikawiri sizilowamo, ngakhale kwa mabanja ambiri a kuchigwa kuno zimenezi n'zimene zimachititsa kuti munthu achedwe kupita kuchipatala.